Tsiku Limene Verna Anabweza Mabakuli Opanda Kanthu

Mundikhululukire chifukwa cholimba mtima kulemba. Ine si mlembi wa mabuku. Ndinaphunzitsa ana a giredi 4 zaka makumi atatu, ndipo tsopano ndimangolemba zolengeza za ku tchalitchi kwathu ku Halvik, koma mbiri ya munthu wamoyo, amene ndimakhala naye benchi imodzi Lamlungu lililonse, sindinailembepo. Mwini wake ndamupempha chilolezo kawiri. Ulendo wachiwiri anati, "Aphunzitsi, lembani basi, koma musandikongoletse ngati mukulemba mbiri yowerenga pamaliro." Zimene sindinaone ndi maso anga anandiuza yekha. Pamene ndaphonya, wolakwa ndine.

Verna Ostby ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga. Wayendetsa basi ya sukulu zaka 26, njira ya kumpoto, mamailosi 58 m'mawa ndi 58 enanso masana, kudutsa minda ya tirigu. Amadziwa geti lililonse, galu aliyense, ndiponso nyumba zimene ana amatuluka asanadye. Mwamuna wake atamwalira, anthu anamuuza kuti apume ntchito. Iye anayankha kuti akasiya basi, chomudzutsa m'mawa sipadzakhalanso.

Anali wonenepa kuyambira ali mtsikana, ndipo ankayamba ndi iye kudziseka ena asanayambe. Koma atafika polemera mapaundi 318 kuseka kunachepa. Chiwongolero chinkamukhula pamimba, mawondo ankalira pa masitepe atatu a basi, shuga anakwera. Woyendetsa basi ya ana amapimidwa kuti apatsidwe chikalata cha dokotala, ndipo chaka chimenecho anauzidwa mosapita m'mbali kuti chikalata chili pangozi. Verna si munthu wozengereza. Sukulu itatsekera anapita ku Fargo, kumene anamuchita opaleshoni yochepetsa chifu. Anabwera ndi chifu chaching'ono ngati dzira la nkhuku, ndi pepala lonena kuti masabata asanu ndi limodzi oyamba adye zofewa zokha, pang'onopang'ono.

Kuno munthu akadwala sitifunsa, timaphika. Amayi Ardis Kvamme, amene akhala mkulu wa khitchini ya tchalitchi kuyambira ine ndisanakwatiwe, anandiuza kuti ndilembe ndandanda. Ndinailemba mosamala: amayi khumi ndi anayi, aliyense tsiku lake pa masabata awiri alionse. Pamwamba ndinaika mawu aakulu akuti ZOFEWA ZOKHA, BAKULI LALING'ONO. Maina ndinawaona katatu kuti ndisalakwitse chilembo. Tsiku loyambira ndinalemba. Tsiku lolekera sindinalembe. Ndinaikhoma pa bolodi la zolengeza m'chipinda chapansi chomwera khofi, nkuchoka ndili wokhutira.

Chaka choyamba chinali cha chikondwerero. Verna anatsika mpaka mapaundi 187, anasiya mapiritsi a shuga, anasunthira mpando wa basi kutsogolo. Pa ukwati wina anavina mpaka oimba anatopa. Mabakuli ankabwerabe, chifukwa palibe mayi amene akanafuna kukhala woyamba kudumpha tsiku lake dzina lili pa bolodi. Verna ankadya supuni ziwiri, zotsala nkupatsa ena.

M'chaka chachiwiri anatulukira chinthu. Nyama ndi buledi zinkamukhala pachifuwa ngati mwala, akadya pang'ono wakhuta. Koma phala la mpunga la mkaka ndi shuga, kasitadi, mbatata zoponda zothira batala, supu wa kirimu, zimenezi zinkangotsetsereka osaima. Chifu chaching'ono chimadzaza msanga, komanso chimapepuka msanga. Supuni zitatu tsopano, zina zitatu pakatha theka la ola. Pofika madzulo bakuli lili mbee, ndipo iye sanakhalepo patebulo kuti adye.

Panalinso lamulo lina limene sililembedwa pa bolodi: bakuli la mnzako silibwerera lopanda kanthu. Choncho Verna ankaphika makeke kuti adzaze mabakuli obweza, ndipo keke ukamadula kuti ikhale ya makona abwino, zam'mphepete zimatsala. Zam'mphepetezo ankazinyika mu khofi mpaka zifewe.

Nthawi yoipa inali pakati pa maulendo awiri. Akasiya ana pasukulu m'mawa, ankakhala yekha m'nyumba mpaka 2 koloko itadutsa. Akuti sinali njala. Njala anali ataiiwala kamvekedwe kake. Ankaika bakuli mufiriji, nkukhala pabalaza, nkudziuza kuti mpaka 12 koloko. Kenaka ankangopezeka ataimirira kutsogolo kwa firiji, chitseko chili chotsekula, supuni ili m'manja, osakumbukira kuti wanyamuka liti. Tsiku lina anataya keke m'bini kuti athane nayo. Patangopita ola limodzi anaitolamo. Ichi wandiuza kuti ndisachichotse.

Ife tinkaona. Tinaona majuzi aakulu aja akubwerera, tinaona mpando wa basi ukubwerera m'mbuyo. Potsuka mbale ku tchalitchi tinkanong'onezana kuti opaleshoni yalephera, madokotala amangolonjeza. Tikafika kunyumba tinkayang'ana kalendala nkutereka mpunga.

M'mwezi wa Okutobala, chaka chachinayi, Verna anapita kukapimidwa za chikalata. Sikelo inati 254. Dokotala, mayi wachichepere wolankhula motsitsa, anamupima kuthamanga kwa magazi kawiri, nkuvula magalasi.

"Mayi Ostby, ndi bipi iyi sindingakupatseni chaka. Ndikupatsani miyezi itatu. Ikapanda kutsika pofika Januwale, basi ija muisiya."

"Ndiye nditumizeninso ku Fargo," anatero Verna. "Akachotse katsala kaja. Mwina anaiwala kumangitsa."

"Chifu chanu sichinalakwe. Dzulo munadya kangati?"

"Katatu. Dzira, nkhuku pang'ono, nsomba pang'ono. Ngati mphaka wa abusa."

"Nanga pakati pake?"

"Kamodzi," anatero Verna. "Kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko."

Dokotala sanaseke, ndipo sanamudzudzule. Anamuuza kuti izi zimachitikira ambiri amene anachitidwa opaleshoni yotere, ndipo pali gulu lao limene limakumana Lachinayi lililonse mumzinda wapafupi. Anamuuza adye katatu atakhala pansi, ayambe ndi nyama kapena mazira, pakati pasakhale kanthu. "Ndipo chimene mukudziwa kuti simungachidye pang'ono nkusiya, chisalowe m'nyumba."

"Sindichita kugula, adokotala. Chimabwera chokha, chimagogoda pachitseko."

"Ndiye zimenezo mukuzidziwa inu kuposa ine."

Atafika kwao anapeza mabakuli asanu ndi anayi pa shelefu, ndi lina lofunda pakhonde. Lofundalo anakalikhuthulira kwa nkhuku za aneba asanalitsekule bwinobwino. Onse khumi anawatsuka, nkuwapukuta, nkuwalongedza m'katoni. Loweruka, tsiku limene ankaphika makeke, uvuni sanauyatse.

Lamlungu mapemphero atatha tinatsikira kokamwa khofi monga mwa masiku onse. Verna analowa pomaliza, katoni ili pachifuwa, nkuiika pakati pa tebulo la makeke. Kunsi kwa bakuli lililonse kumakhala kapepala komata ka dzina la mwini wake, ndipo iye anayamba kuitana maina mokweza, ndi mawu amene amakhalitsira ana pansi m'basi. Amayi Ardis analandira lao, nkumva kuti ndi lopepuka, nkutsekula chivindikiro. Anasuzumira m'katimo nthawi yaitali.

"Verna mwana wanga, waiwala."

"Sindinaiwale, amayi. Ndatsuka ndi sopo, ndapukuta. Zikomo kwambiri, ndipo lisabwerenso."

Makapu anatsika pa matebulo. Ngakhale amuna kumbuyo anasiya nkhani ya mtengo wa feteleza.

"Phala langa lakulakwira chiyani?"

"Likanakhala loipa bwenzi ndili pamtendere. Ndimadya lonse, amayi. Lanu, la Gladys, la aphunzitsi awa. Ndimadya chiimirire, pang'onopang'ono, tsiku lonse, ndipo ndikayamba sinditha kuleka. Ndabweza mapaundi 67. Adokotala andipatsa miyezi itatu, apo ayi basi andilanda."

Gladys, amene amaphika kasitadi, anayesa kuziziritsa zinthu. "Koma iwe, kabakuli kake nkakang'ono bwanji! Pang'ono sipapha munthu."

"Gladys, Orville wako atasiya mowa unkamupatsa m'kapu yaing'ono?"

Orville anali pomwepo, keke ili pakamwa. "Ndinapempha," anatero. "Anakana mfiti ameneyu." Ena anaseka, koma Amayi Ardis sanaseke. Anatseka bakuli lao mwamphamvu.

"Mayi ako ndinakula nawo. Sanabwezepo mbale ya munthu yopanda kanthu, ngakhale chaka chimene tirigu anapsa ndi dzuwa."

"Zoona. Ndipo anamwalira ndi shuga, phazi limodzi atalidula. Chakudya cha pamaliro awo munaphika ndinu, chinali chokoma. Cha ine mudikire kaye."

Verna anatembenuka, nkupita pa bolodi, nkuzula ndandanda ija. Inali itasanduka yachikasu. Anabwera nayo kwa ine pamaso pa onse.

"Aphunzitsi, ntchito yanu ndachonga. Kalembedwe nkaukhondo. Koma pachipatala anati masabata asanu ndi limodzi, inu mwatiyendetsa zaka zitatu ndi miyezi inayi."

Ndinalandira pepalalo. Ndinafuna kufotokoza kuti palibe anandiuza tsiku lolekera, koma ndinakumbukira kuti pepala la kuchipatala ndinaliwerenga ndekha, mwina kawiri.

Amayi Ardis sanamulankhule mpaka Khirisimasi. Amayi awiri anapitirizabe kusiya mabakuli pakhonde mwakachetechete, ndipo Verna ankawanyamula osatsekula nkukawasiya pa makonde a eni ake popita kukatenga ana. Lachinayi lililonse ankapita ku gulu lija, kaya kugwe chipale chofewa. Kumeneko anapeza woyendetsa thirakitala, namwino, ndi mayi wina amene atachepetsedwa chifu anagwera m'mowa. Akuti ulendo woyamba anangokhala phee, ulendo wachiwiri anachita kumuletsa kulankhula kuti ena apeze mpata. Nthawi yapakati ija anayamba kuithera ku holo ya masewera ya sukulu, kuyenda mozungulira, kenaka kutsuka basi imene inali yoyera kale.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Pa Khirisimasi, kunyumba kwathu, anadya lefse, timikate topyapyala ta mbatata tija, topaka batala ndi shuga, mpaka anadwala nkukagona chafufumimba kuchipinda. M'mawa mwake anaimbira foni mayi wa ku gulu, nkudya dzira lake atakhala pansi. "Ndagwa m'ngalande," anandiuza. "Basi ikagwa m'ngalande sumanga nyumba momwemo, umaitana thirakitala."

Chimene chinandichitikira ine chinali Khirisimasi isanafike. Ndinapita kukamuona Lachitatu m'mawa, ndipo pofika pageti ndinali ndi kabakuli ka kasitadi. Ndinali nditafufuza kaphikidwe kopanda shuga, nditayeza zonse ndi supuni yoyezera. Anatsekula chitseko, nkuyang'ana m'manja mwanga.

"Alamu, inu lowani. Mnzanuyo adikire m'galimoto."

"Mulibe shuga, Verna. Ndaonetsetsa."

"Ndikudziwa kuti mwaonetsetsa, inu mumaonetsetsa ndi tsiku la kubadwa kwanu lomwe. Ndati adikire m'galimoto."

Ndinakabweza kabakuliko, mtima ukuwawa. Titakhala patebulo, khofi yekha ali pakati pathu, ndinasowa pogwira ndi ponena. Zaka makumi atatu ndi zisanu nkhani zathu zinkayamba ndi "talawa ichi" ndi "waikamo chiyani". Ndinakhala mphindi makumi awiri nkunamizira kuti ndili ndi zochapa.

Mu Januwale anabwerera kwa dokotala. Sikelo inati 238, bipi inali itatsika mokwanira, ndipo anapatsidwa chikalata cha chaka chimodzi. Anachiika m'thumba la jekete nkupita kukatenga ana, osauza munthu mpaka madzulo. Sakunena kuti wachira. Akuti mapaundi 187 mwina sadzawaonanso, ndipo sakuwalira. Chimene akufuna ndi kukhala pa chiwongolero mpaka tsiku limene adzasankhe yekha kutsikapo. Januwale wa chaka chamawa adzapimidwanso, ndipo pakati pa lero ndi tsikulo pali masiku ambiri a sukulu, lililonse ndi maola ake asanu opanda munthu m'nyumba.

Maola amenewo ine ndimakhala ndilibe chochita chenicheni. Choncho ndatsimikiza mtima kuti kuyambira sabata ino, Lolemba ndi Lachitatu, 10 koloko izindipeza ku holo ya sukulu, nsapato zoyendera zili kuphazi, m'manja mulibe kanthu. Ndimayenda pang'onopang'ono ndipo ndikudziwa kuti azindinena. Ndikasowa chonena ndizingoyenda pambali pake, koma sindithawiranso ku zochapa.