Mtsuko wa Achemwali Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anandisiyira mtsuko waukulu umene anaumbira achemwali anga a Aginesi, woti akalowe nawo m'banja. Tinkakhala kumunsi kwa phiri la Mphunzi, nthawi yozizira, chifunga chikutsika mpaka pakhonde. Amayi anapita ku Mayani kukadwazika amalume. Lamulo anasiya limodzi: mtsuko uume pang'onopang'ono m'nyumba, milungu itatu.

Ine phuma ndinabadwa nalo. Mlungu utatha dongo likadali lozizira, ukwati ukuyandikira, ndinautulutsa padzuwa masiku awiri. Kunja unauma gwa. Amayi atabwerako anaugogoda ndi chala, anadabwa pang'ono, koma anati tiuwotche.

Anaunjika makungwa ndi udzu, nayatsa. Ine ndinaima patali. Moto usanakolere n'komwe tinamva kuphulika, mapale n'kulumpha mpaka pankhokwe.

Azakhali, amene anabwera kudzathandiza za ukwati, anatembenukira kwa achemwali. Kwathu amati mbiya ikaphulika pamoto ndiye kuti yakhudzidwa ndi munthu wotentha, amene wagona ndi mwamuna.

"Aginesi, sunathe kudikira tchalitchi?" anafunsa.

Achemwali anayamba kulira, azakhali n'kumanena zokauza ankhoswe. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkaopa chikwapu, ndinkaopanso kuti ukwati utha chifukwa cha ine, ndipo kwa kanthawi ndithu chikwapu ndicho chinandikulira. Kenaka ndinatola phale lochindikala n'kupatsa amayi.

"Ndine, amayi. Ndinauika padzuwa."

Analinyema. M'kati munali mwakuda bii, dongo losauma.

"Taonani, alamu," anatero amayi. "Dongo limakakamira madzi. Dzuwa linaumitsa khungu lokha, madzi n'kutsekeredwa m'kati. Atatentha anasowa potulukira."

Azakhali sanapepese. Ine sindinakwapulidwe, anangondituma kumtapo ndekha kukasenza dongo lina. Ukwati unachitika tsiku lake, mtsuko unachita kutsatira pambuyo.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitama kuti ndinaulula. Chaka chatha, tikupalira mbatata kumunda kwawo, achemwali anandiuza kuti mawu a azakhali anawaiwala kalekale. Chimene sanaiwale n'chakuti amayi nawonso anawayang'ana ndi diso lofunsa. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti choona ndinanenadi, koma ndinachedwa nacho. Ndikanayankhula mapale asanagwe pansi, amayi sakanamukayikira mwana wawo.