Tizilombo ta m'Kachitini

Ine Chikopa, amene ndikayankhula pasikelo yoyezera tiyi aliyense amakhala chete, ndinachitapo zachibwana mvula itangoyamba. Tiyi wa a Namakhwa, oyandikana nane munda, ankabiriwira mondiwawitsa mtima. Tsiku lina ndinatolera tizilombo toyamwa masamba m'kachitini, n'kukatikhuthulira m'mizere yawo, ndikunamizira kukataya madzi.

Patapita milungu, tizilombo tinabuka dera lonse. Tiyi wanga anapserera, wawo anangothothoka pang'ono. Pamsonkhano wa alimi a Namakhwa anati kwawo tizilomboto tinafika kale. Alangizi anati n'chifukwa chake: chitsamba chikalumidwa msanga chimamva, chimawawitsa masamba, n'kuchenjeza zinzake ndi fungo.

"Ndiye amene ananditumizira tizilomboto ndi m'bale wanga weniweni," anatero a Namakhwa, maso ali pa ine.

Ndinakhosomola, n'kuyamba kukalipira mvula mokweza.