Mafunso ndi Ndime Yosamveka

Tsiku limene bwana anamuuza kuti mwina amuchotsa ntchito, mtsikana amene anzake ankamutcha Mafunso anakhala pa masitepe a ofesi n'kulira. Mayeso a sekondale anali atalephera kawiri. Kulemba mapulogalamu anaphunzira pa kompyuta yobwereka, uku akugulitsa matchaja a foni pamsewu. Tsopano ntchito yake yoyamba inali kumupulumuka m'manja.

Mlandu unali wotere. Pa kampaniyo, anthu awiri akakonza pulogalamu imodzi aliyense payekha, ntchito zawo amaziphatikiza pogwiritsa ntchito chida china cha pa kompyuta. Mafunso ataphatikiza yake ndi ya mnzake, za mnzakeyo zinasowa. Chonsecho anali atalamula kompyuta kuti imuonetse zimene zasintha, ndipo sinaonetse kanthu.

"Mukanawerenga malangizo a chidacho," anatero bwana.

"Ndinawerenga, bwana. Sindinamve."

Ambirife tikanangopepesa n'kupinda manja. Koma iye, misozi isanaume, mutu unali utayamba kale kuyabwa. Kompyuta ingabise bwanji chinthu choti yachita yokha?

Anapanga timafayilo tongoyeserera, n'kumatiphatikiza, n'kumayesa lamulo lililonse. Bwanji ili likuonetsa zonse, linzakeli ayi? Anapeza kuti lamulo lija limaonetsa pokhapo pamene zotsatira zasiyana ndi mbali zonse ziwiri. Ukatenga mbali imodzi n'kutaya inayo, monga anachitira iye, limangoti zii. Malangizo ananenadi zimenezi, koma m'chiganizo chopiringizana ngati ulusi.

Mafunso analembanso ndime ya malangizoyo m'mawu osavuta n'kuitumiza kwa anthu odzipereka amene amasamalira chidacho. Iwo anaibweza kuti yatalika. Atafupikitsa, anaibwezanso kuti chitsanzo chake n'cholakwika. Zinamuwawa, osanama, koma anafunsa kuti chalakwika pati.

Mmodzi wa iwo anamuyankha kuti, "Ifetu tinazolowera, sitionanso povuta. Tiuzeni pamene inu munasochera."

Anawauza, anakonzera limodzi, ndipo ndimeyo inalowa m'malangizo amene aliyense wogwiritsa ntchito chidacho amawerenga.

Bwana anaiwerenga ali chiimire, kenako anakanda m'mutu.

"Simuchoka. Ndipo malangizo a kampani yathu ino muwawerengenso. Pamene simukumva mudzatiuze."

"Ndiye pachulukatu, bwana."

"N'chifukwa chake ndikupatsani inuyo."

Inu amene mumagwedeza mutu m'kalasi kapena kuntchito pamene simunamve, poopa kuoneka mbuli, osataya mtima. Kwezani dzanja mufunse. Pamene mwasocherapo inu, pali enanso ambiri amene angokhala chete, akudikira wina ayambe.