Ndinaphika pikapu ya gitala ya amalume

Inu owerenga, ine ndinaononga ndi manja angawa chinthu chimene sindingathe kuchibweza, ndipo chinandipweteketsa ndi phuma basi.

Amalume anga a ku Senga Bay anali katswiri wa gitala yamagetsi. Sindikukometsa ayi. Akaigwira, ngakhale amayi oyanika usipa ankaiwala kuingitsa akhwangwala. Chomwe chinkandigometsa kwambiri n'chakuti pikapu ya gitalayo, kachipangizo kokhala pansi pa nsambo komwe kamatola mawu kupita nawo ku sipika, anaipanga okha. Anakulunga waya woonda ngati tsitsi pa maginito, pang'onopang'ono, maso awo adakali akuthwa.

Waya ameneyo akakhwepa, gitala imalira tswii ukangokweza mawu. Mankhwala ake ndi kunyika pikapu m'phula losungunula kuti waya agwirane. Apa amalume sankachita chibwana. Ankasakaniza phula la kandulo lambiri ndi phula la njuchi pang'ono, lomwe ankakatenga kwa alimi a njuchi cha ku nkhalango ya Kuti. Ankati la kandulo lokha likauma limang'aluka, pomwe la njuchi lokha n'lolimba, sililowa bwino mkati. Chitini cha phulalo sankachiika pamoto, ankachikhazika m'poto wa madzi otentha. Kenaka ankanyika pikapu n'kumayang'ana tithovu tikutuluka mpaka titatha, osalankhula ndi munthu. Ine ndinkangoona ngati mwambo wa akuluakulu.

Maso atayamba kuchita khungu ndi manja kunjenjemera, anandipatsa gitalayo kuti ndiziimbira m'bandi yathu. Tsiku lina m'mawa tikuyeserera nyimbo za ukwati wa madzulo ake, inayamba kulira tswii. M'malo mokwera kabaza kukawafunsa, ndinati zimenezi ndinaziona kale. Ndinagula makandulo pa okala, n'kuwathyolera m'chitini, chitinicho n'kuchikhazika pa mbaula penipeni. Za njuchi ndi za madzi ndinati n'zotaya nthawi. Phula likufuka utsi, ndinaponyamo pikapu.

Kenaka ndinaivuula. Pulasitiki yogwira waya inali itapindika ngati chikopa chouma, waya ataduka mkati. Ndinaibwezeretsa pa gitala, koma sipika inangoti zii. Ukwati tinaimba ndi gitala yobwereka.

Nditapita kukaulula kwa amalume, ndinkayembekeza ndodo. Iwo anangoipapasa pikapuyo ndi zala, n'kuinunkhiza.

"Iwe, unaiphika ngati mbatata," anatero, n'kuseka pang'ono. "Madzi aja unkati ndimafuna kusamba?"

Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiwawa koposa. Anaitanitsa waya kuti ayese kukulunganso. Ndinakhala pambali n'kumaona wayayo akuwaduka m'zala, iwo n'kuyambiranso, akuduka, n'kuyambiranso. Pomaliza anaika pansi.

"Gula ya m'sitolo, mphwanga. Iyi yapita."

Ndinagula ku Lilongwe, ndipo imalira bwino ndithu. Koma nditawaimbira, anamvetsera mpaka nyimbo kutha, n'kundifunsa mwaulemu kuti gitala imeneyi ndi ya ndani.

Inu anzanga oimba, phula lisakanizeni, chitini chikhale m'madzi, ndipo likafuka utsi musaikemo kanthu. Koposa zonse, ngati mwini luso ali moyo, kwerani kabaza mukamufunse. Ine amalume anali pafupi, koma mawu a gitala yawo ndinawakwirira iwo akali ndi makutu.