Muvi Wabodza Umene Ndinajambula pa Tabuleti

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kulakwa kwanga. Ndinatchera mphunzitsi mnzanga msampha kuti achite manyazi pagulu. Ndinalakwa, inde, koma ndisakunamizeni, munthuyo ndikamuona mpaka lero mtima umawira.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Mitundu. Sukulu yathu italandira tabuleti imodzi, kacholembera kake ndi pulojekita, anapatsa ine chifukwa ndine ndinkaphunzitsa za kompyuta. Ana athu ambiri ndi a m'maesiteti a fodya, ndipo ukawaonetsa pulogalamu yodzaza mabatani a Chingerezi amangoti kakasi. Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinkajambula chithunzi cha pulogalamuyo n'kulemba pamwamba pake ndi kacholembera kaja: apa ndazunguliza ndi zofiira, apa muvi, apa mawu oti "yamba wadina apa". Mwana ankangotsata mivi mpaka kumaliza. Ntchito imeneyi inandidyera chaka chathunthu.

Pasukulu pathu pomwepo panali mphunzitsi wina, ndingomutchula kuti a Gwaza, wa pakamwa pa shuga. Ankabwera n'kumati, "Achimwene, tanditumizireniko timapepala tanu tija, ndingoonako." Ine uchitsiru, ndinkatumiza pa foni.

Kenaka ndinamva kuti a Gwaza asankhidwa kuti aziphunzitsa aphunzitsi a m'dera lathu za kompyuta pamisonkhano ya ku Nathenje. Ndinapitako ngati wina aliyense. Pakhoma panaoneka mivi yanga, zilembo zanga, iwo ali chilili kutsogolo akuti iyi ndi njira imene anaitulukira okha. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinabwerera ku Mitundu ndisanadye ngakhale fanta ndi banzi zimene anagawa. Nditadandaula kwa ahedi, anangoti za sukulu n'zatonse, ndisakhale wa kaduka.

Apa m'pamene ndinalumbira kuti adzaona. Ndinkawadziwa a Gwaza kuti ndi aulesi, sayesa chinthu asanakaphunzitse. Msonkhano wotsatira unali wa momwe tingasanjire mayina a ana motsata alifabeti mu pulogalamu yolembamo malikisi. Njira yolondola ndi yoti usankhe tebulo lonse, mayina ndi malikisi pamodzi. Ukasankha mayina okha, mayinawo amasuntha koma malikisi amatsala pomwe anali, ndiye wopambana amatenga malikisi a wolephera. Ndinakonza tsamba lolondola n'kulisunga. Ndinakonzanso lina, ndikuzunguliza mayina okha, muvi n'kuloza batani losanjira, wina n'kuloza losungira. Atabwera ndi "achimwene" wawo uja, ndinawatumizira labodzalo ndikumwetulira.

Tsikulo ndinakhala benchi yakutsogolo kuti ndione bwino nkhope yawo. Ndinali wokondwa ngati mwana woguliridwa nsapato. Koma paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinkayesa agwiritsa mayina ongopeka. Iwo, pofuna kuonetsa ukatswiri pamaso pa alangizi a zamaphunziro, anapempha mayi wina wophunzitsa pasukulu imene tinasonkhanapo kuti abweretse malikisi enieni a Fomu 3 a teremu yonse. Pamenepo ndikanatha kukweza dzanja. Sindinakweze. Ndinawaonerera akutsata mivi yanga umodziumodzi, akusunga, akutseka pulogalamu, akutsegulanso monyada.

Mayi aja anadzuka n'kuyandikira khoma. Anati mtsikana amene amakhala nambala wani chaka chilichonse waoneka kuti walephera maphunziro onse. Anafunsa ngati zingabwezedwe, ndipo sizinatheke. Analibe kwina kumene anasunga, mapepala a mayeso anali atabwezera kale ana, sukulu inkatsekera sabata yomweyo. Anangokhala pansi n'kugwira mutu.

A Gwaza thukuta linali kamukamu, ndipo ndisabise, mtima wanga unati zakukwana. Koma munthu uja ndi wochenjera ngati kalulu. Anatembenuka n'kundiloza.

"Pepani bwana, mapepala awa si anga. Mwini wake ndi awa akhala apawa. Taonani zilembozi, ndi dzanja lawo."

Nthawi yonseyi ndinkalira kuti dzina langa litchulidwe pamsonkhano umenewu. Linatchulidwa tsiku limenelo. Alangizi anandipatsa kacholembera kuti ndilembe mawu awiri, ndipo panalibe chokana. Anatenga tabuleti yanga n'kuyamba kuona. Anapeza masamba onse awiri, lolondola ndi labodza, ndipo tabuleti inaonetsa kuti lolondola ndilo ndinayamba kukonza. Anandifunsa mofatsa ngati ndinachita dala.

Za kuba kwa a Gwaza palibe anazikumbukanso. Nkhani inali ya mphunzitsi woipa mtima amene anasokoneza malikisi a ana osalakwa. Ndinalandira kalata yochenjeza. Masiku atatu ndinkayenda ndi mayi aja m'midzi ya ku Nathenje kutolera mapepala a mayeso, ena atakulungira kale mandasi. Ana asanu ndi mmodzi amene mapepala awo sanapezeke analembanso mayeso chifukwa cha ine.

Inu owerenga, wina akakuberani ntchito yanu, lankhulani pomwepo, masana, anthu akumva. Ndikanaimirira pamsonkhano woyamba uja n'kunena kuti tipatseni kacholembera tonse awiri tilembe, nkhani ikanathera pomwepo ndipo wamanyazi akanakhala iwo. Lembaninso dzina lanu patsamba lililonse limene mwakonza. Koma musabwezere podzera pa ana, chifukwa anthu amakhululukira wakuba msanga kusiyana ndi woononga dala.

Tabuleti anandilanda. Ahedi anati isamangokhala, ipatsidwe kwa wodziwa kuigwiritsa ntchito. Ili ndi a Gwaza, ndi masamba anga onse momwemo, ndipo kalasi yawo yayandikana ndi yanga. Ine ndikamalemba ndi choko, ndimawamva kuseri kwa khoma akuuza ana kuti, "Yamba wadina apa."