Kagalasi ka a Kadzakumanja

Mukafika kwa Msakambewa n'kufunsa za a Elifala Kadzakumanja, anthu amayamba akufunsani kuti, "Aja a tizilombo ta m'mwala?" Ndi omwewo. Anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi chimodzi pa sekondale ina yoyendera m'mapiri muno, ndipo popuma ntchito anawapatsa wotchi yapakhoma imene inaima sabata yachitatu. Umo ndi mmene timathokozera aphunzitsi kwathu kuno.

Chuma chawo chenicheni chinali kagalasi kotalika ngati chala, kokulunga ndi thonje m'kachitini ka polishi. Anawasiyira ndi mzungu wa ku Canada amene anaphunzitsa naye limodzi ali anyamata. Pakagalasipo panamatidwa kachidutswa ka mwala wakuda, kopalidwa mpaka kuwala n'kumadutsa. Mzunguyo anati mwalawo unachokera m'mbali mwa nyanja ya kwawo, ndipo m'kati mwake munatsekeredwa tizamoyo tating'onoting'ono timene tinali m'madzi zaka pafupifupi mabiliyoni awiri zapitazo, kusanakhale nsomba, mtengo ngakhale udzu. Kungoti pofuna kutiona pamafunika maikulosikopu, makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo ya pasukulupo inali itasweka diso kalekale. Mzunguyo analonjeza kutumiza ina. Akuluakulu obwera pa magalimoto nawonso ankalonjeza chaka ndi chaka, akamaliza kudya nkhuku za aphunzitsi.

A Kadzakumanja sanadikire. Chaka chilichonse ankayendetsa kagalasiko m'manja mwa ana a Fomu 1, atayamba awasambitsa m'manja, kenako n'kujambula tizamoyoto pabolodi ndi choko cha mitundu. Ana akakwera phiri kukaswa miyala kuti apeze tawo, iwo ankawauza kuti asadzivute: miyala ya kuno inapsa pansi pa nthaka, chilichonse chimene chikanakhalamo chinafufutika.

Chimene ana sankadziwa n'chakuti aphunzitsi awo anali asanationepo tizamoyoto. Ankadziwa ndi mayi Lidia okha, akazi awo. Bamboyo atapuma ntchito n'kuyamba kulima soya ndi mtedza, maso anayamba kuchita chifunga, ndipo mayi Lidia anawakumbutsa kuti Deborah, mtsikana uja ankakhala kutsogolo m'kalasi mwawo, tsopano akuyeza magazi pa chipatala cha mishoni. Makina ali nawo. Bamboyo anazengereza dzinja lonse. Ankaopa chinthu chimodzi: bwanji ngati mzungu uja ankangowaseka, m'mwalamo mulibe kanthu? Ndiye kuti ananamiza ana a eni zaka makumi atatu ndi chimodzi, ena mwa iwo lero ndi abusa ndi apolisi. Mayi Lidia anangoti maso akatsekeka adzafa osadziwa, ndipo iwo safuna kumasamalira nkhalamba yodandaula usana wonse.

Lachiwiri lina bamboyo anavala jekete, nakwera njinga yamoto ya kabaza. Pachipatala anakhala pa benchi limodzi ndi odwala malungo, kachitini kali m'thumba la pamtima. Deborah atawaona anathamanga n'kudzanyonyomala, kuwapempha kuti alowe, koma iwo anakana kudumpha mzere. Anati wodwala wawo wadikira zaka zambiri, sangafe lero. Nthawi yawo inakwana dzuwa litapendeka.

M'kachipinda koyezera magazi anadzipeza akumutchula Deborah kuti "inu". Anamuululira zonse, maso ali pansi ngati mwana wogwidwa akubera mayeso. Deborah anapukuta kagalasiko, nakaika pamakina, n'kuyamba kupotokola pang'onopang'ono. Anapotokola nthawi yaitali, mwakuti bamboyo anayamba kuyang'ana kumene anaika chipewa.

"Bwerani, aphunzitsi. Vulani magalasi."

Poyamba anangoona nsidze zawo zomwe. Kenako kunabwera kuwala kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo m'kuwalamo munali tiulusi topiringizana ngati ndere za pachitsime, ndi timipira tating'ono tomwazika pakati pake. Tinali tambirimbiri. Anayang'ana mpaka diso linatuluka misozi, nasinthira linalo. Anafunsa ngati si fumbi la m'chitini. Deborah anati fumbi amalidziwa, amalimbana nalo tsiku lililonse, izi zili m'kati mwa mwala.

Nkhalambayo inakhala pampando, ikuseka yokha chapansipansi. Apo ndi pamene Deborah anafunsa mwaulemu, koma akubisa kuseka.

"Nanga miyendo ija ili kuti, aphunzitsi?"

"Miyendo iti?"

"Isanu ndi umodzi, ndi tinyanga tiwiri. Ine ndinajambula inayi, munandichotsera malikisi awiri."

A Kadzakumanja anabwerera pamakina kukafunafuna. Panalibe ngakhale mwendo umodzi. Mzungu uja anangoti tizamoyo, ndipo iwo, pofuna kuti ana amve, anatipatsa miyendo ngati nsabwe. Zaka zitapita, anaiwala kuti miyendoyo inali yawo.

Sanadziikire kumbuyo. Anamupempha Deborah kuti ajambule ndi foni kudzera padiso la makinawo, atumize ku gulu limene ana akale a sukuluyo amachezerapo, ndipo mawu ake anamulembetsa okha, mmene ankalembetsera manotsi: "Tizamoyo tija tilipodi, ndationa ndi maso anga lero. Koma fufutani miyendo. Wolakwa ndine. E. Kadzakumanja."

Asanatuluke pachipata foni inali itayamba kale kulira. Deborah anawathamangira kudzawawerengera. Wina woyendetsa minibasi ya pakati pa Dowa ndi Lilongwe ankati miyendoyo anaiphunzitsa kale ana ake atatu, ndiye aphunzitsi abwere okha adzawauze. A Kadzakumanja anafunsa kuti mnyamatayo amanyamuka nthawi yanji pa Dowa Boma.