Eneless ndi Buku Loyembekeza Moto

Mu fayilo yobiriwira, ku ofesi ya bungwe lina la alimi a nandolo ndi mpunga m'boma la Phalombe, muli chikalata chochitira umboni kuti Lachinayi pa 12 Juni mabuku makumi atatu ndi asanu ndi limodzi anaotchedwa pamaso pa mboni zitatu, ndipo palibe tsamba lomwe linapulumuka. Zonsezo ndi zoona. Limodzi mwa mabukuwo, la nambala 23, ndi lomwe linapezetsa Eneless Amosi ntchito yomwe akugwira lero.

Eneless anabadwira kwa Mkhumba, mwana wachinayi mwa ana asanu ndi awiri, m'banja lomwe makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale atangonyamula makasu. Anamaliza Fomu 4 ndi mapointi okwanira kulengezedwa kutchalitchi koma osakwanira kumufikitsa ku yunivesite. Zaka zinayi anagwira ntchito pa shopu yotayipa makalata ku Migowi. Kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri: kutayipa osayang'ana zala, komanso kuti kalata yopita ku ofesi iliyonse imayenda msanga ikayamba ndi mawu oti "pofuna kupewa".

Bungwe la alimi lija linamulemba ntchito mu Malichi, moyeserera kwa miyezi inayi. Pa mayeso anamufunsa ngati amadziwa kompyuta, iye n'kuvomera. Sananame. Wopalasa bwato pa Chilwa akafunsidwa ngati amadziwa madzi amavomera, kungoti sanauzidwe kuti ntchito yake ndi yokumba chitsime.

Bungwelo linali ndi mamembala opitirira zikwi zinayi, olembedwa m'makaundula khumi ndi mmodzi. Ena analembedwa katatu, ena anamwalira kale koma ankalandirabe mbewu mokhulupirika. Abwenzi akunja omwe amathandiza bungwelo anafuna kaundula mmodzi wa m'kompyuta, woti alembi atatu azitha kulembamo nthawi imodzi, aliyense pa kompyuta yake. Izi zimafuna kuti kompyuta imodzi ikhale seva, yosunga databesi, yomwe ndi nkhokwe ya mayina onse. Zinazo zimangopempha. Pakati pake pamafunika munthu wolemba malangizo olandira pempho, kutsegula nkhokwe, n'kubweza yankho. Munthu ameneyo anali Eneless, ndipo anazidziwa tsiku lachiwiri.

"Alendo abwera pa 1 Julaye," anatero a Goodman, mkulu wa ofesiyo. "Akapeza zikuyenda, kalata ya ntchito yokhazikika ndisayina ndekha. Akapeza sizikuyenda, tiitana kampani ya ku Blantyre, ndipo inu mayi mudzakhala mutaphunzirapo kanthu."

Eneless anamvetsa. Mpando wake ku Migowi unali utatengedwa kale ndi mlamu wa mwini shopu. Chotsala chinali munda wa chinangwa wa mayi ake.

Abwenzi aja sanali ouma mtima. Anatumiza makatoni awiri a mabuku azamakompyuta, onse pamodzi makumi anayi. Koma lamulo la bungwe limati ofesi isunge mabuku anayi okha pa phunziro lililonse, otsalawo aziotchedwa. Lamuloli lili ndi mbiri yake. Chaka china mlendo wina wochokera kwa abwenziwo anagula matemba pamsika, n'kupeza kuti amukulungira m'tsamba la buku lokhala ndi chidindo cha bungwe lake lomwe, chonena kuti bukulo si logulitsa. Kuyambira pomwepo, buku likakanidwa ndi komiti, njira yake ndi ya kumoto.

Komiti yosankha mabuku inakhala pansi Lachiwiri m'mawa. Eneless sanali membala poti anali woyeserera, koma analoledwa kubweretsa tiyi.

"Ili ndi la chaka chatha," anatero a Goodman, akuliyeza m'manja ngati nkhuku ya pamsika. "Likulemeranso. Lembani, tilisunga."

"Ili, bwana, lili ndi zithunzi zamitundumitundu," anatero mlangizi wa zaulimi.

"Lembaninso. Alendo amakonda mitundu."

Eneless anaika makapu patebulo. "Bwana, mwina nditangoonako m'kati mwake..."

"Mayi Amosi, m'kati mudzaonamo akadindidwa. Shuga ali kuti?"

Mabuku anayi osankhidwawo anadindidwa patatha sabata. Buku loyamba linali lophunzitsa kukongoletsa masamba a pa intaneti, ndipo za seva linkangozilonjera podutsa. Lachiwiri linali la masewero a pa foni. Awiri enawo anali a ntchito yeniyeniyo, koma onse ankayamba mofanana: lowani pa intaneti, tengani chakuti, mukatero tenganinso chakuti. Pa ofesi imeneyo netiweki imapezeka pa chulu cha kuseri kwa chimbudzi, munthu ataimirira n'kuyang'ana ku phiri la Michesi. Kompyuta ya Eneless inali ya patebulo, yokalamba, ndipo sinali ndi chizolowezi chokwera chulu.

Pa chulu pomwepo anaimbira Peggy, mnzake wa ku sekondale yemwe amagwira ntchito zamakompyuta ku Zomba.

"Iwe, mukusankha buku kapena mwamuna kumeneko?" anaseka Peggy. "Chikuto chisiye. Tsegula mndandanda wa mitu. Upezemo seva, upezemo databesi, zonse m'buku limodzi, zikulankhulana. Ukatero uone ngati zomwe likukuuza ungazichite pa chigalimoto chamalasha chakocho."

"Ndi kompyuta ya bungwe, usaitukwane."

"Ndiye ipezere buku la msinkhu wake."

Mabuku okanidwa ankasungidwa ku sitolo, pakati pa matumba a mbewu, pansi pa ulamuliro wa a Howard. A Howard anali atagwira ntchito yosunga katundu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo malamulo a bungwe ankawatchula ndi ndime zake, monga amachitira ndi malemba Lamulungu. Anamulola Eneless kuyang'ana, poti kuyang'ana sikuletsedwa.

Analipeza pansi pa katoni yachiwiri. Linali buku lachikuto chofewa, chothothoka m'makona, losindikizidwa Eneless ali ku pulayimale. Mitu yake inali khumi ndi inayi, kuyambira kukhazikitsa seva mpaka kulemba malangizo a PHP olankhula ndi databesi ya MySQL. Ndipo kuchikuto chakumapeto, m'kathumba kosatsegulidwa, munali chimbale cha CD chokhala ndi zonse zofunika kuika mu kompyuta. Analilemba m'masiku omwe olemba mabuku sankaganiza kuti aliyense ali ndi intaneti m'nyumba, masiku omwe ku ofesi imeneyo anali asanathe.

"Bambo, ndibwerekeni ili."

"Kubwereka kumafuna kuti buku likhale m'kaundula. Ili mulibe."

"Ndiye ndipatseni, poti palibe akulifuna."

"Ndi katundu wa bungwe, mwanawe. Moto ukulifuna."

"Moto wake ndi wa liti?"

"Akapezeka apampando a bodi. Ali kunyanja, akuyang'anira mpunga." A Howard anakanda m'mutu ndi bolopeni. "Koma ndime 17 imaletsa kutulutsa buku m'sitolo. Yoletsa kuwerengera m'sitolo momwemo sindinaionepo. Komanso pamndandanda wanga palembedwa 'buku, limodzi'. Za mbale sindikuzidziwa. Ine sindisunga ziwiya."

Umo ndi momwe Eneless anayambira sukulu yake. Chimbale chija anatuluka nacho, n'kukaika zomwe zinalimo mu kompyuta yake. Nthawi ya nkhomaliro anzake akamapita kukagula chimanga chootcha, iye ankakhala pa thumba la nandolo n'kumakopera bukulo pamanja m'makope a ana asukulu, mzere ndi mzere, kadontho kalikonse pamalo pake. Madzulo asanaweruke ankatayipa zomwe wakopera. Nthawi zambiri kompyuta inkakana chifukwa cha kachizindikiro kamodzi komwe kanatsalira ku sitolo, ndipo ankadikira mawa kuti akakatenge. Pofika pakati pa Meyi, kompyuta yokalamba ija inali seva, ndipo inkatha kusunga dzina la mlimi n'kulibweza ikafunsidwa. Eneless anali pa mutu wachisanu ndi chinayi.

Kenako mpunga unakololedwa. Apampando analengeza kuti ali ndi mpata Lachinayi likubweralo.

Mitu isanu yotsalayo ndi yomwe inali ndi mnofu: kulumikiza mndandanda wa alimi ndi wa mbewu, kuletsa dzina limodzi kulowa kawiri, kupatsa mlembi aliyense mawu ake achinsinsi. Ola limodzi patsiku kwa masiku atatu silikanakwana. Eneless sanapemphe chifundo, poti chifundo chilibe fomu. Anakhala pa kompyuta n'kutayipa kalata.

"Pofuna kupewa zomwe zinachitika ndi matemba," inayamba choncho kalatayo, "ndi bwino kuti masamba a buku lililonse atsimikizidwe kuti ndi okwanira lisanaotchedwe. Kupanda kutero, mboni zidzasayinira moto wa masamba omwe mwina ali kale pamsika."

A Goodman anaiwerenga kawiri. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapeza ndime yatsopano m'malamulo omwe ankaganiza kuti anawamaliza.

"Mfundo yakupsa iyi. Ndinkaiganizira ndithu. Koma angachite ndani ntchito yotopetsa chonchi?"

"Woyeserera ndi ine, bwana."

"Mayi Amosi, muli ndi mtima wa bungwe."

Moto unaimitsidwa kwa masabata atatu. Eneless anapatsidwa kalata yomusankha kukhala Wotsimikiza Masamba, mpando weniweni ku sitolo, ndi m'mawa wonse wa tsiku lililonse. Mabuku makumi atatu ndi asanu anawatsimikiza m'masiku awiri. La nambala 23 linamutengera masiku otsala onse. A Goodman atafunsa chifukwa chake, a Howard anayankha kuti masamba ake ndi opyapyala, amamatirirana.

Pa 12 Juni apampando anafika pa njinga yamoto, anapemphera, n'kuyatsa machesi. Eneless anapereka lipoti loti masamba onse alipo. Anaima chapatali manja ali kumbuyo. Bukulo linachedwa kuyaka, ndipo a Howard analitembenuza ndi ndodo kuti lamulo likwaniritsidwe mbali zonse.

Alendo anabwera pa 1 Julaye. Alembi atatu anakhala pa makompyuta awo olumikizidwa ndi mawaya odutsa pansi pa mkeka. Mmodzi anayesa kulemba dzina la mayi wina wa m'munsi mwa Michesi, yemwe m'makaundula akale anali anthu atatu, ndipo kompyuta inayankha kuti mayiyo alimo kale. Alendo anaomba m'manja. Atafunsa komwe mtsikanayu anaphunzira zonsezi, a Goodman anawatsogolera ku kabati n'kuwaonetsa mabuku anayi aja, oyera ngati sanagwiridwepo. Anajambulitsa nawo chithunzi, Eneless atanyamula lolemera kwambiri lija. Kalata ya ntchito yokhazikika inasayinidwa masana omwewo.

Peggy atamva anachenjeza kuti zinthu za m'chimbalecho ndi zakale, asadzayerekeze kuzilumikiza ku intaneti, akuba angalowe. Eneless anamutsimikizira kuti wakuba wake adzayenera kuyamba wasuntha chulu.

Lero Eneless amapalasa njinga kuchokera kwa Mkhumba m'mawa uliwonse. Mayi ake amauza anthu kuti mwana wawo amasunga mayina, ndipo anthu amagwedeza mutu mwaulemu. Makope asanu ndi awiri aja amakhala m'dirowa yake, ndipo mlembi wina, Thandiwe, wayamba kukopera lachiwiri. Nkhaniyi itafika ku komiti yosankha mabuku, mamembala anakambirana ngati makopewo angalowe m'kaundula. Anapeza kuti alibe chikuto cholimba, alibe chaka, alibe zithunzi, ndiponso malo anayi ndi odzaza kale. Membala wina anakumbutsa kuti buku lokanidwa limaotchedwa. A Howard, omwe anaitanidwa kudzapereka uphungu, anafotokoza kuti kope si buku. Komiti inalemba zimenezo m'maminitsi, n'kupita pa mfundo yotsatira.